Chipinda cha Anthu Anayi

Dzina lenileni la a Lumo ndi anthu ochepa amene ankalidziwa. Pamsewu wonse uja, kuyambira pasiteji ya basi mpaka kusitolo ya zitsulo, ukangoti ukufuna a Lumo, ngakhale kamwana kankakulozera chitseko chobiriwira chimene chinali pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa matiresi. M'katimo munali mipando iwiri yozungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi wayilesi imene sinkamveka n'komwe chifukwa mwini wake ankayankhula kuiposa. Kumeta anakuyamba ali mnyamata, pakhonde pa amalume awo, ndi sizasi yobwereka. Pofika nthawi ya nkhaniyi anali atameta abambo, ana awo, ndipo ena anali atayamba kubweretsa adzukulu. Dzanja lawo linali lopepuka. Pakamwa ndiye panali popepukirapo.

Anakwatira mochedwa, imvi zitayamba kusuzumira m'ndevu. Mkazi wawo anali telala, mayi wosachuluka mawu, amene mwamuna wake woyamba anamwalira mwana wawo asanayambe n'kuyenda komwe. Ankabwera ndi kamtsikanako kudzakametetsa, ndipo kankakhala pa thabwa limene a Lumo ankaika pamwamba pa mpando kuti ana azifika pagalasi, n'kumalamula ngati malowo ndi ake: "Apa mwasiya. Apa mwapitirira." A Lumo anamupatsa dzina loti Hedi, ati amayankhula ngati mphunzitsi wamkulu pa asembule, ndipo dzinalo linamata. Ukwati utachitika, Hedi anayamba yekha kuwatchula kuti adadi, popanda womuuza.

Anthu a pabenchi ankawatamanda nazo. "Awa ndiye amuna," ankatero. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, awa anazimvetsa." A Lumo ankagwedeza sizasi m'mwamba, amvekere palibe chachilendo, mwana ndi mwana. Koma mawuwo ankawatsekemera, ndipo mlendo akakhala pampando sipankapita nthawi asanamve kuti wometayu akulera mwana wamasiye ngati wake weniweni.

Kenako kunabwera mapasa, mnyamata ndi mtsikana. Mnyamatayo anabadwa akukuwa ndipo sanasiye, choncho anakhala Phokoso. Mtsikanayo ankagona paliponse, pabasi, pamsika, ngakhale supuni ili m'kamwa, choncho anakhala Tulo. A Lumo anapenga nawo. Zithunzi zawo zinadzaza m'mphepete mwa galasi, ndipo mkazi wawo kuyambira pamenepo anasanduka amake mapasa. Pa nthawi imene tikunenayi mapasawo anali ndi zaka zinayi, Hedi zisanu ndi zinayi.

Nkhani ya sitima inabwera ndi kasitomala wina, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ana ake anamutumiza pa ulendo wa panyanja pamodzi ndi mkazi wake. Munthuyo anangokhala pampando n'kuyamba kusimba: sitima yake yaitali kuposa nyumba zosanjikizana za m'tauni, dziwe losambiramo lili padenga, chakudya umangodzitengera mpaka mimba ikukane, ana ali ndi chipinda chawochawo cha masewera ndi owayang'anira. Odikira anangoti kukamwa yasa.

"Chaka chamawa ine ndi banja langa tikukwera," anatero a Lumo, makina ali m'manja.

Benchi yonse inafa nalo phwete. Wokonza mafoni, amene ankalowa m'menemo kudzacheza ntchito ikachepa, anati sitima imene a Lumo angakwere ndi beseni la kubafa. A Lumo anaseka nawo, koma nkhaniyo inawalowa m'mafupa. Anasiya mowa wa Loweruka. Anayamba kugwira ntchito ndi Lamlungu lomwe, n'kumapita kukameta odwala ndi okalamba m'makomo mwawo. Amake mapasa anaona zonsezi koma sanafunse. Ankadziwa kuti munthu wawo akasunga chinsinsi amatupa nacho ngati chule, ndipo tsiku lake likafika chimaphulika chokha.

Ofesi ya zamaulendo inali pamwamba pa sitolo ya mabuku, mozizira ngati m'firiji. A Lumo anapitako atavala jekete la paukwati wawo. Anawalandira mayi wina wansangala, wa magalasi olendewera pa tcheni.

"Akuluakulu ndinu awiri," anatero mayiyo, zala zili pa kompyuta. "Nanga ana?"

"Awiri, mayi. Mapasa!"

Anatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa zithunzi: uyu ndi Phokoso atavala chidebe kumutu, uyu ndi Tulo atagona m'dengu la zovala. Mayiyo anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati nayenso ali ndi kamnyamata kake kamene kamaopa makina ometera ngati njoka, ndipo a Lumo anamulongosolera njira ya kuchitseko chobiriwira, amvekere mubwere naye, kwa ine mwana salira.

"Mwabwera ndi mwayi, bambo. Chipinda cholowa anthu anayi chatsala chimodzi chokha. Bedi lalikulu lanu ndi amayi, timabedi tiwiri totsika kukhoma ta ana. Ndikupatsani cha windo, osati cha khonde, chifukwa ana a msinkhu umenewu amakwera paliponse. Matewera anasiya?"

"Kalekale."

"Ndiye kumasewera akawalandira. Mudzangobweretsa mapasipoti tsiku likayandikira."

A Lumo analipira, anagwirana chanza ndi mayiyo, n'kutsika masitepe akuimba mluzu. Popita anali atasiya nsapato zakusukulu za Hedi kwa wosoka nsapato wa pakona kuti akonze chidendene, ndipo munthuyo atawaona anawakodola.

"Za mwana wanu zija zatha, bwana."

Anazilandira. Tinsapato takuda, topindika kutsogolo, chingwe chimodzi chachifupi chifukwa chinaduka n'kulumikizidwa. Mluzu unafera pamilomo. Anaima pomwepo, pakati pa njira, anthu akuwalambalala ngati mwala wa mumtsinje, mpaka wanjinga wina anawaimbira belu.

Masitepe aja anali pomwepo. Akanatha kukwera n'kukanena kuti mayi, ndalakwitsa, ana ndi atatu. Anatembenuka ndithu, phazi linaponda sitepe yoyamba. Koma akanayamba bwanji? Munthu amaiwala ambulera, amaiwala makiyi. Mwana amamuiwala bwanji? Anamuona m'maganizo mayi uja akuvalanso magalasi n'kuwayang'anitsitsa. Anati mawa. Mawa m'mawa, kusanadzaze anthu.

Kunyumba chinsinsi chinaphulika asanavule ndi jekete lomwe. Anaika kabuku ka zithunzi za sitima patebulo. Phokoso anakuwa mpaka agalu a oyandikana nawo anayankha, amake mapasa anakhala pansi n'kugwira pakamwa. Hedi anatsegula kabukuko mosamala, tsamba ndi tsamba, kenako anadzutsa mutu.

"Tonse, adadi?"

"Tonse," anatero a Lumo.

Mawa lija linafika n'kudutsa. Linzake chimodzimodzi. Lero makasitomala achuluka, mawa makina avuta, mkuja kwagwa mvula. Zengerezu adalinda kwawukwawu, amatero akulu, ndipo mwambiwo a Lumo ankaudziwa bwino chifukwa ankauponyera anzawo.

Hedi ndiye anautenga ulendowo ngati ntchito yake. Anandandalika mipando pabalaza n'kunena kuti iyi ndi sitima, kapeti ndi nyanja. Ankawayendetsa mapasa atagwirana manja kuchokera kukhitchini mpaka kuchitseko, ndipo wokwera pa mpando ankabwezedwa kukayambiranso. Anawaphunzitsa choti achite akasochera: apeze munthu wa yunifomu, atchule dzina la amayi ndi la adadi, kulira kubwere pambuyo. Anasokerera lasitiki ku zipewa zawo kuti mphepo isazitenge. Ku laibulale ya kusukulu anabwereka buku la nsomba, ndipo pa chakudya ankawauza makolo ake za anamgumi, amene amapuma ngati anthu n'kumapemerera madzi m'mwamba.

"Tikawaona, adadi? Akuti nthawi zina amayandikira sitima."

"Tikawaona."



Amake mapasa nawo anagula nsalu ya buluu ya timizere toyera kuti asoke malaya ofanana a banja lonse; ati pa chigulu cha anthu, ana ako uziwaonera patali. Tsiku loyeza a Lumo, mayiwo anawazunguliza tepi m'chiuno, n'kuiyang'ananso kachiwiri.

"Mwawondatu, bambo. Sitima yake mukuchita kuikoka nokha?"

A Lumo anaseka ndi mano okha. Posakhalitsa malaya asanu anali atapachikidwa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, kuyambira aakulu mpaka aang'ono, ndipo m'mawa uliwonse ankavala atawafulatira. Kuntchito anayamba kukhala duu, mpaka anthu anazindikira kuti wayilesi ija imagwira ntchito. Tsiku lina anacheka khutu la kasitomala, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire kumeta.

Ndi magazi a pakhutu aja amene anawakweza masitepe. Mayi wamagalasi anawalandira ngati mnansi, koma a Lumo anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili pamaondo.

"Ndimati ndifunse, mayi. M'chipinda muja kamwana kena sikangalowe? N'kakang'ono thupi. Kakhoza kugona pansi, kapena pakati pathu."

"Ayi, bambo, pamenepo ndiye a sitima sasewera. Amawerenga anthu molingana ndi malo a m'mabwato opulumutsira. Chipinda cha anayi n'cha anayi basi." Anayang'ana pa kompyuta, n'kupukusa mutu. "Ndipo zina zonse zinatha. Mukanabwera msanga ndikanakupezerani ziwiri zoyandikana. Kodi ndi mwana wa ndani?"

Apa ndi pamene panali poti anene zoona. Liwu lake linali pomwepo palilime, limodzi lokha: wanga.

"Wachibale," anatero. "Timangokhala naye."

"Aa, ndiye adzamvetsa. Mudzamugulire kanthu kumeneko."

Anatsika masitepe osakonza kanthu. Koma asanafike kuchitseko chobiriwira mutu unali utawapezera zifukwa zodzaza dengu. Hedi ndi wamkulu, angakhale kwa agogo ake, amake a malemu bambo ake, amene amamufuna masiku onse. Mapasa alonjezedwa kale. Anthu a pabenchi auzidwa kale, wokonza mafoni wayamba kuwatchula kuti a Kaputeni. Adzauza amake mapasa kuti a sitima asintha malamulo. Adzawauza Lamlungu, zinthu zili phee. Lamlungu linafika, iwo analawira kukameta nkhalamba ina kunyumba kwake, n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Linali Loweruka masana, benchi itadzaza, pamene zonse zinabwera poyera. Hedi anali atabweretsa chakudya chimene amake anatumiza, ndipo anakhala pakona, buku la nsomba lili pamiyendo, kudikira kontena kuti abwerere nayo. Chitseko chinatseguka, n'kulowa mayi wamagalasi akukoka kamnyamata ka tsitsi ngati chisa cha mbalame.

"Ndamubweretsa uja woopa makina! Komanso ndikukumbutseni, bambo, tsiku layandikira. Mapasipoti anayi aja abwere sabata ino."

"Asanu," anatero Hedi, osadzutsa mutu m'buku. Kukonza zolakwa za akuluakulu chinali chizolowezi chake.

Mayiyo anamuyang'ana akumwetulira. "Nanga iwe ndiwe yani, mwanawe?"

"Awa ndi adadi anga."

"Ooh." Mayiyo anatembenukira kwa a Lumo. "Uyu ndiye wachibale uja mumati..."

Sanamalize. Anali mayi wanzeru, ndipo anaiona nkhope ya a Lumo pagalasi. Koma madzi akatayika saoleka. Makina ankangolira m'dzanja la a Lumo, m'malere, osameta kanthu. Amuna a pabenchi, omwe aja a mwana wa mnzako, aliyense anapeza chochititsa chidwi pansi pa mapazi ake. Wokonza mafoni anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya kasitomala.

Hedi anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana a Lumo. Sanalire. Anatseka buku, anaimirira, anawongola siketi yake.

"Kontena mubwere nayo, adadi," anatero, n'kutuluka, akugwira chitseko kuti chisamenyetseke.

A Lumo anakameta kamnyamata kaja. Mmene anakametera sakumbukira mpaka lero. Mayiyo potuluka ananong'ona kuti pepani, ndipo pepani ameneyo anawawa kuposa mbama.

Madzulo anafika kunyumba akuyembekezera moto. Anapeza tebulo litayalidwa, mapasa akulimbirana supuni, amake akupakula ngati masiku onse. Hedi anadikira mpaka onse atakhala pansi.

"Amayi, ine kusitima sindipita."

"Wati chiyani?"

"Ndikakhala kwa agogo. Zija n'za ana aang'ono. Komanso ndili ndi zowerenga zambiri."

Anayankhula mosadodoma, maso ali m'mbale, ngati mawu oloweza. Amake anamugwira pachipumi kuti aone ngati watentha thupi. Kenako, dzanja lili pomwepo, anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwamuna wawo. A Lumo anali atanyozedwapo m'moyo, anatukwanidwapo pagulu ndi zidakwa, anakanidwapo ndi akazi anthu akuonerera, koma chonga ichi anali asanachionepo: mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akunama pofuna kuwafunditsa iwo nsalu. Ndipo anailandira nsaluyo. Anatafuna, anameza.

M'mawa mwake amake mapasa anatumiza ana kukasewera kwa oyandikana nawo, anatseka chitseko, n'kukhala pa makina awo osokera popanda kusoka.

"Yambani," anatero.

Anafotokoza zonse. Za ana awiri, za nsapato, za wachibale. Sanasiye kanthu, ngakhale bodza la malamulo limene anali asanalinene. Mkazi wawo anamvetsera akuzunguliza bobini m'zala.

"Kuiwala ndakumva," anatero pomaliza. "Kwandipweteka, koma ndakumva. Pakamwa pamaterereka. Koma munabwererako, bambo. Munakwera masitepe ndi miyendo yanu, anakufunsani bwinobwino, inu n'kumukana."

"Amake mapasa, ine..."

"Musanditchule choncho lero. Ndinali amake Hedi inu musanakhale bambo wa munthu. Dzina limenelo munalikwirira tsiku lomwe awa anabadwa, ine ndinangokhala chete, ndimati ndi chimwemwe, chitha. Mwana uja amaona zonse. Pagalasi panu paja pali chithunzi chake?"

Panalibe. Kale chinalipo, koma anachichotsa malo atachepa, ndipo chinali m'dirowa pamodzi ndi malezala.

"Nditsala ineyo," anatero a Lumo. "Mupite inu ndi ana atatu. Anayi mwakwana."

Mayiwo anaseka, kuseka kowawa. "Kuti pabenchi paja akakutamandeninso? Taonani a Lumo, adzimana chifukwa cha mwana wamasiye. Ine ndizikathamangitsana ndi mapasa ndekha pakati pa nyanja, Hedi azikadya akudziwa kuti wakhala pampando wa adadi ake, inu kuno muli mbee ngati mngelo. Ayi. Tipita tonse kapena sitipita. Ndipo mwanayo mukayankhula naye nokha. Ine sindikusenzerani."

Panapita masiku asanapeze poyambira. Hedi ankawapatsa moni, ankawabweretsera madzi, ankayankha akafunsidwa, zonse mwaulemu wa mlendo. Sitima ya pabalaza inaphwasulidwa, mipando inabwerera m'malo mwake. Buku la nsomba linabwezedwa ku laibulale tsiku lake lisanakwane.

Tsitsi lake litakula, amake anamutumiza kukametetsa monga mwa masiku onse. Anafika pa nthawi imene munalibe anthu. Thabwa lija anali atalisiya kalekale. Anakhala pampando, a Lumo anamuveka nsalu n'kuimanga kukhosi. Anayang'anana pagalasi. Chithunzi chake chinali chitabwerera m'mphepete, ndipo Hedi anachiona. A Lumo anachita nachonso manyazi chithunzicho. Chinkaoneka ngati chiphuphu.

"A Hedi," anayamba, "ndinakulakwira."

Hedi anapitiriza kuwayang'ana pagalasi.

"Ndinakulakwira kwambiri. Iwe palibe chimene unachita."

"Munaiwala kapena munasankha?"

Makina anali asanawayatse. A Lumo, amene pakamwa pawo panali pasanasowepo yankho, anafufuza bodza lofewa loti amupatse. Analipeza, koma analimeza.

"Poyamba ndinaiwala. Kenako ndinachita manyazi kunena kuti ndaiwala. Kenako ndinasankha."

Hedi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa yankho limene anali nalo kale. Misozi inatsika n'kudonthera pansalu, koma nkhope sinasinthe.

"Mukanangondiuza. Ine ndinauza kalasi yonse."

"Pepa, mwana wanga."

"Ndimeteni, adadi. Ndili ndi homuweki."

Anamumeta. Mutu wonse utatha, a Lumo anasasa titsitsi ta pakhosi pake mofatsa ngati akupukuta dzira.

Ku ofesi anapita pamodzi ndi mkazi wawo, ndipo a Lumo ananena okha, pamaso pa mayi wamagalasi, kuti ana ndi atatu, wamkulu ndi mtsikana. Khutu linawatentha, koma ananena. Ulendo unasunthidwa kufikira chaka chotsatira, zipinda ziwiri zokhala ndi chitseko chapakati, ndipo mowa wa Loweruka unapitiriza kudikira. Mapasa analira tsiku limodzi n'kuiwala. Pabenchi palibe anawatchulanso kuti a Kaputeni, ndipo mwambi wa mwana wa mnzako unasowa m'chipindamo ngati waletsedwa ndi boma. A Lumo nawo anasiya kuuza alendo mbiri ya banja lawo. Wofunsa za chithunzi ankangouzidwa kuti uyo ndi woyamba. Ngati Hedi anawakhululukira, sanawauze, ndipo iwo analibe nkhope yoti afunsire.

Anapitadi. Malaya a buluu aja anali atathina ana onse, ndipo amake anachita kusoka ena. Sitimayo inali yaikulu monga mphunzitsi uja ananenera, mwinanso kuposa. Mapasa nyanja sanaisamale n'komwe. Chimene chinawatenga mtima ndi chikepe chokwezera anthu kuzipinda zam'mwamba, ndipo akanaloledwa akanatha ulendo wonse akukwera ndi kutsika. Hedi anasankha kugona ndi amake. A Lumo anagona ndi mapasa, ndipo anazindikira kuti pabedi la m'sitima ngakhale Tulo sagona.

Tsiku lina m'mawa nyanja inakwiya. Sitima inayamba kupendekera uku ndi uku, makapu akutsetsereka patebulo, ndipo Hedi anayamba kutuwa. Anaitana amake, koma amake, Tulo ali kumsana, anali atathamangira Phokoso, amene anali atazembera kuchikepe. A Lumo anamutulutsa panja pa mphepo n'kumukhazika pabenchi, koma asanapeze kathumba mwanayo anasanza pa thalauza lawo loyera limene anagulira ulendowo.

"Pepani, adadi."

"Thalauza lake amako analikana kale, ati ndikuoneka ngati woperekera zakudya. Yang'ana kutali uko, kumene madzi akumana ndi thambo. Pansi osayang'ana."

Anayang'ana. Patapita kanthawi mutu wake unalemera, unatsamira paphewa pawo, ndipo anagona. Dzanja la a Lumo linachita dzanzi. Nthawi ya chakudya chamasana inakwana, anthu anadutsa akuwayang'ana cham'mbali, bambo wa thalauza lothimbirira ndi mwana wogona. Wantchito wina anabwera ndi chikolopa n'kuwauza ndi manja kuti asunthe. Anakweza mapazi okha, mosamala, phewa osaligwedeza, ndipo anakhala choncho mpaka amake anawapeza.